Sitinyamuka Lamba Asanalire

Ku Hisingen kuno aliyense amene anakalambira ku fakitale ya Volvo ali ndi kachilema kake. Wina amagogoda chitseko cha galimoto ya eni ake kuti amve kulimba kwa chitsulo, wina sangadutse tayala osaliponda. Ka Sixten Hallgren kanali ka lamba. Ukakwera galimoto yake, munthuyo sankaliza injini mpaka atamva lamba wa aliyense atalira kuti kheche, kenako ankatambasula dzanja n'kukoka kawiri lamba wa amene wakhala naye kutsogolo, kaya ndi mkazi wake, kaya ndi m'busa. Anthu ankamuseka, iye osalabadako. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anazithera pa malamba. Zoyambirira ankawamangirira m'galimoto zatsopano, zotsalazo ankamanga zidole zonga anthu m'holo momwe ankawombetsa galimoto kukhoma mwadala kuti aone chimene chingatsale cha munthu. Munthu wotero simungamuuze kuti tikungofika pakona apa.

Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno uja anayambira kuno mu 1959, ndipo kampani inalola opanga galimoto ena onse kutengera luso lake ulere. Sixten ankainena nkhaniyi ngati kuti lambayo anamusoka yekha, chonsecho chaka chimenecho anali adakali pasukulu akulephera masamu.

Galimoto yake inali Volvo 245 ya mu 1983, yabuluu wofwifwa, yamakona ngati bokosi la zida. Anaigula yatsopano ndipo sanaganizepo zoisintha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Annelie, anakulira pampando wa kumbuyo, n'kufika pokhala mayi wa ana akeake, galimotoyo idakayendabe. Koma pa nthawi ya nkhani yathuyi, Sixten ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, sankaisunganso chifukwa cha kunyada ayi. Ankaisunga chifukwa cha mkazi wake Majvor.

Matenda oiwala anamuyamba Majvor pang'onopang'ono. Makiyi ankapezeka mufiriji, mchere mu khofi. Kenako tsiku lina anaimbira apolisi kuti m'khitchini mwake mwalowa nkhalamba yachilendo ndipo ikudya buledi wake. Apolisi atafika anapeza Sixten atakhala patebulo, buledi ali m'manja, akulira. Patatha miyezi itatu Majvor anapatsidwa chipinda kunyumba yosamalirako okalamba. Kumeneko Sixten ankapita pafupifupi tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse Majvor ankamulandira mwaulemu, n'kumuti abambo ngati akulankhula ndi mlendo. Ulemu umenewo ndi umene unkapweteka kwambiri. Bola akanamamutukwana.

Koma Lamlungu zinkasintha. Sixten ankafika hafu teni, fulasiki ya khofi ndi mabanzi awiri a sinamoni zili m'kadengu kumbuyo. Hodan, namwino amene ankasamalira Majvor, ankamutulutsa atamuveka chikhothi ndi mpango. Majvor ankakwera ngati munthu wopatsidwa lifiti ndi mlendo, kachikwama kali pamiyendo atakagwira ndi manja awiri. Sixten ankamumanga lamba, kukoka kawiri, n'kunyamuka. M'misewu ya m'tauni ankayenda duu. Koma akayamba kukwera mlatho wa Älvsborg, madzi ndi zombo za padoko zili pansi, injini inkasintha kaliridwe, Sixten n'kuponya giya, ndipo kuseri kwa dzanja lake kunkakhudza bondo la Majvor monga kunkachitira kuyambira kalekale, popeza Majvor sanaphunzirepo kukhala mowongoka pampando. Pamenepo mayiyo ankatembenuka.

"Sixten, chitofu wazimitsa?"

"Ndazimitsa."

"Bodza. Nkhope yako ikuoneka."

Ola limodzi, nthawi zina ndi theka, Sixten ankakhala ndi mkazi wake. Ankaima kugombe la ku Långedrag n'kumwa khofi m'galimoto momwemo. Majvor ankamunena kuti tsitsi la m'makutu lakula, ankafunsa ngati Annelie wachita homuweki, ankaimba pang'ono. Chaka ankachisokoneza, koma mwamuna wake ankamudziwa. Pobwerera, akamatsika mlatho uja, manja awiri ankabwerera pa kachikwama, ndipo pofika pageti ankati, "Zikomo kwambiri abambo, mwandithandiza."

Musaganize kuti sanayese njira zina. Anayesa kungokhala naye m'galimoto yoima pabwalo, injini ikulira, koma Majvor anangokwiya n'kumafuna kutsika. Anayesa galimoto yatsopano ya Annelie, ija yodzigwirira yokha mabuleki, Majvor n'kugona tulo ulendo wonse. Pankafunika galimoto imeneyo, mlatho umenewo, ndi Sixten pachiwongolero. Madokotala ankangogwedeza mitu n'kumati zimachitika.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala Sixten anapita kukayezetsa maso. Anamulowetsa mutu m'chinthu chonga beseni n'kumupatsa batani loti azidina akaona kadontho ka kuwala. Anadina mwakhama, n'kumadzitama mumtima kuti palibe kamene kamudutsa. Dokotalayo, mtsikana wamng'ono kuposa Annelie, anamutembenuzira kompyuta. Pakati pa chithunzi panali poyera, koma m'mbali, makamaka kumanja, munali bii.

"Kutsogolo mukuona bwino, Sixten," anatero dokotala. "Koma nthendayi imadya kuyambira m'mbali, ndipo munthu sadziwa chifukwa ubongo umangodzaza wokha pamene pasowa. Simungayendetsenso galimoto."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi, sindinagundepo ngakhale mphaka."

"Ndikukhulupirira. Lamulo likuti ndidziwitse a ziphaso zoyendetsera galimoto, pokhapokha nditakhulupirira kuti musiya nokha. Mukandilonjeza pano, chiphaso chikhala m'chikwama mwanu, sindilembera aliyense. Mukulonjeza?"

Kuno zinthu zambiri zimayenda chonchi. Munthu ukati ndalonjeza, anzako amapita kukadya nkhomaliro mtima uli m'malo. Sixten anayang'ana chithunzi chija, nayang'ana manja ake, nati, "Ndalonjeza." Anabwerera pabasi, ndipo sanamuuze Annelie chilichonse.

Lamlungu loyamba anasunga mawu ake. Anakwera basi, kadengu kali pamiyendo. Hodan atamuona akulowa wapansi anadabwa.

"Sixten, bokosi lathu lija lili kuti? Lafa?"

"Likupuma."

"Ine ndawaveka kale chikhothi. Chiyambire hafu naini ali pawindo."

Anamupezadi Majvor pawindo, kachikwama kali m'manja. Sixten anakhala pampando wa alendo, nathira khofi m'makapu, nadula banzi. Majvor analandira n'kuthokoza, koma maso sanawachotse panja.

"Pepani abambo," anatero patapita kanthawi, "pobwera apa simunaoneko galimoto yabuluu? Mwamuna wanga amabwera kudzanditenga. Sachedwa ameneyo. Mwina wachita ngozi."

"Sanachite ngozi."

"Mumamudziwa?"

"Pang'ono."

"Ndiye mukamuona mumuuze kuti ndikudikira. Chikhothichi chikutentha."

Anakana kuchivula mpaka nthawi ya nkhomaliro. Hodan anachita kumunyengerera, ndipo Majvor analira chinunu ngati mwana amene aiwala kudzamutenga kusukulu. Sixten anatuluka n'kukaima pamalo odikirira basi. Mabasi awiri anadutsa iye osakwera, ndipo sikuti sanawaone.

Lachitatu anakumana ndi Veikko pakawindo kogulitsa soseji ndi mbatata yopondaponda, monga ankachitira sabata iliyonse. Veikko anachokera ku Finland kudzagwira ntchito ya chaka chimodzi pafakitale, n'kukalambira konkuno. Iye anasiya kuyendetsa kalekale, mwendo utafa mbali imodzi. Sixten anamuuza zonse.

"Ndiye wakhala mnzanga wa pabasi," anatero Veikko akunyambita msuzi wa soseji pachala. "Takulandira. Mipando yathu ndi ya kutsogolo, ya opunduka. Ndikuphunzitsa kadandaulidwe kake."

"Lamlungu ndiyendetsa."

"Iwe?"

"Lamlungu m'mawa m'misewu mumakhala ndani? Anthu amakhala akugona matsire. Ndiziyenda pang'onopang'ono, mutu ndiziutembenuza uku ndi uku."

"Ngati kadzidzi."

"Ngati kadzidzi, inde."

"Mdala iwe, suja unanditsitsa m'galimoto pa chipale chofewa mu 1979 chifukwa ndinakana kumanga lamba? Ndinayenda makilomita anayi, zala za kuphazi mpaka lero sizimva kanthu. Lero ndiwe amene ukufuna kunamiza kadokotala ka eni ake?"

"Galimoto ija ndimaidziwa, Veikko. Ndaiona ikuwomba khoma kokwana mazana. Kutsogolo kumapindika, pakati osagwedezeka. Zidole zanga zinkatuluka zathunthu. Ngakhale zitavuta bwanji, Majvor mmenemuja sangapweteke. Ndi malo abwino kuposa bedi lake."

Veikko anatafuna nthawi yayitali. Anali munthu wa mawu ochepa zikafika pa zinthu zenizeni, monga alili anthu a kwawo. "Umalize soseji yako," anatero. "Ikuzizira."

Ndipo apa ndinene, popeza Veikko sananene. Sixten sanali munthu wabodza kapena wosasamala. Kungoti moyo wake wonse anawerenga anthu a m'kati mwa galimoto. Ntchito yake inali mitu, makosi ndi nthiti za okhala pamipando. Akati chitetezo ankaona lamba ndi chitsulo chozungulira munthu. Masamu ake onse anali olondola, koma anali a anthu awiri basi.

Lamlungu kunacha bwino, dzuwa lili pansipansi, masamba achikasu atanyowa m'misewu. Sixten anapukuta magalasi onse kawiri. Hodan ataona galimoto yabuluu ikulowa pageti anaomba m'manja.

"Lauka bokosi! Majvor, taonani, basi yanu yafika."

Sixten anamumanga Majvor lamba, nakoka kawiri, nanyamuka. Anayenda ngati wanyamula mazira, mutu uku ndi uku mpaka khosi kuwawa. Palibe chinachitika. Atayamba kukwera mlatho anaponya giya, dzanja linakhudza bondo, ndipo Majvor anatembenuka.

"Sixten! Unali kuti?"

"Ndinali pompano."

"Wachepa thupi. Ukudya chiyani, masoseji a Veikko?"

Sixten anaseka mpaka misozi, n'kuipukuta msanga kuti aone msewu. Tsiku limenelo Majvor anabwera yense kuposa masiku onse. Anakumbuka ngakhale za mmene anakumanirana, Lolemba lija la mu 1967 dziko lonse litangosintha mbali yoyendetsera galimoto. Iye anaima kudikira basi kumbali yakale, ndipo mnyamata wina wamakutu aakulu anaimitsa galimoto ya bambo ake n'kumuuza kuti basi siimanso kumeneko.

"Ndiye ndangokwera chonchi, iwe dzanja lili kale pachifuwa panga, ati ndikumangeni lamba. Ndinakumenya mbama."

"Pa dzanja."

"Kumaso."

"Pa dzanja, Majvor."

"Ndiye ndinalakwitsa. Unkayenera ya kumaso."

Anali atatsika mlatho, akulowera kunyanja, pamsewu wa nyumba zokhala ndi mipanda ya maluwa. Patsogolo panali mizere yowolokera anthu. Sixten anaiona bwinobwino. Anachepetsa liwiro, nayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja, ndipo msewu unali mbee, wopanda munthu. Anaponda mafuta.

"Sixten!" anakuwa Majvor.

Phazi linafika pa buleki mutu usanamve kanthu. Matayala analira pa masamba onyowa, malamba anawagwira onse awiri pachifuwa, fulasiki kumbuyo inagubuduka. Ndipo patsogolo pa galimoto, pamene panalibe kanthu, panali bambo wachinyamata wovala chipewa chofiira, atagwira chikuku cha mwana. Anangoti balamanthu ngati watuluka pansi.

Sixten anatsika m'galimoto. Pakati pa bampala ndi chikuku panali mpata wokwana chikhatho chimodzi. M'chikukumo munali khanda lovala kachipewa ka makutu a chimbalangondo, lili m'tulo, kakamwa kali yasa. Maso a Sixten anachita okha ntchito yawo yakale. Anayeza kutalika kwa bampala kuchokera pansi, nayeza pamene panali mutu wa mwanayo, ndipo zinali pamzere umodzi. Ankadziwa kulemera kwa galimoto yake mpaka kilogalamu yomaliza. Ankadziwa zimene liwiro laling'ono ngati limenelo limachita, chifukwa zidole za makanda nazonso anazimangapo, ndipo ankazinyamula ndi manja awiri ngakhale zinali za pulasitiki.

"Mwapenga?" anatero bambo uja. "Tinali pakati pa mizere! Munatiyang'ana! Ndinakuonani mukutiyang'ana!"

"Sindinakuoneni."

"Simunatione bwanji?"

"Maso anga ndi akufa mbali iyi. Adokotala anandiletsa kuyendetsa. Ndinalonjeza."

Bamboyo anali atakonzeka kukangana ndi munthu wokana mlandu, ndiye uyu anamusowetsa pogwira. Anayang'ana nkhalambayo, nayang'ana mayi wa m'galimoto, kenako anakokera chikuku kumbuyo. "Musayendetsenso," anatero. "Chonde. Ali ndi miyezi isanu." Anawoloka n'kumapita, ndipo kawiri konse anaima n'kusuzumira m'chikukumo.

Sixten anabwerera m'galimoto, naisunthira m'mbali mwa msewu ndi giya yoyamba, mamita khumi okha, nazimitsa injini. Anakhala manja ali pachiwongolero. Majvor ankamuyang'ana, ndipo anali Majvor weniweni, maso ake akale aja osaphonya kanthu.

"Sunawaone, eti?"

"Ayi."

"Akanakhala Annelie." Anagwedeza mutu. "Iwe sumachita zimenezi, Sixten. Wayendetseranji?"

Akanatha kunama. Koma anali ndi mphindi zochepa ndi mkazi wake, ndipo sanafune kuzithera pa bodza. Anamuuza zonse, za chipinda chija, za mmene amamutchulira abambo, za chikhothi ndi windo, za mlatho. Ananena kuti akasiya kuyendetsa, ndiye kuti zonse zatha.

"Ndikasiya, sudzandidziwanso, Majvor."

Majvor anamuyang'ana ngati wamva nthabwala yopusa. Kenako anaseka, kuseka kwake kuja kwa m'mphuno.

"Ine osakudziwa iwe? Ndi makutu amenewo?" Anatambasula dzanja, nazula kiyi, namuika m'kachikwama kake n'kutseka. "Imbira mwana adzatitenge. Ndipo thira khofi, ngati fulasiki sinasweke."

Fulasiki sinasweke. Anamwa khofi pamenepo, m'mbali mwa mpanda wa munthu wosamudziwa, nyanja osaiona n'komwe. Sixten anaimbira Annelie, ndipo Annelie anati akubwera pa takisi. Anatenga mphindi makumi anayi. Sixten anazigwiritsa ntchito mmene akanathera. Anamufunsa Majvor za nsalu za makatani, za mchemwali wake, za chilichonse chimene chikanamugwira kuti asapite. Majvor ankayankha, kenako n'kumayankha mwachidule, kenako n'kumayang'ana mpanda uja. Injini inazizira. Sixten anaona manja awiri akubwerera pa kachikwama, ndipo anapitirizabe kulankhula ngati sanaone.

Takisi itaima kumbuyo kwawo, Annelie anatsika akuthamanga, jekete atavala mkono umodzi. Anatsegula chitseko cha amayi ake.

"Mama, muli bwino? Papa, chachitika n'chiyani?"

"Tili bwino, mayi," anatero Majvor. "Galimoto ya abambowa yawonongeka. Koma ndi aulemu, andipatsa khofi."

Annelie anakalipa madzulo ake, kukhitchini kwa bambo ake, ndipo anali ndi chifukwa. Anakalipa za dokotala, za sabata ziwiri za chinsinsi, za mwana wa eni ake. Sixten anatulutsa chiphaso m'chikwama, nachiika mu envelopu, nalemba adiresi ya a ziphaso ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumupatsa kuti akaponye yekha. Annelie ataona envelopuyo ukali unamuthera, nakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Ndiziyendetsa ine, Papa. Galimoto yomweyo, mlatho womwewo. Inu muzikhala kumbuyo. Mwina zitheka."

"Giya umaitha?"

"Munandiphunzitsa ndinu. Munandiliza katatu."

"Kawiri."

"Katatu, Papa."

Sixten sanakhulupirire kuti zitheka, koma anavomera. Munthu ukakhala ndi chinthu chimodzi chotsala umachiyesa, ngakhale ukudziwa.

Lamlungu lotsatira kunali mitambo ndi kamvula kowaza. Annelie anaimitsa galimoto pageti mojejema, injini n'kuzima yokha. Hodan anatulutsa Majvor. Nkhani anali ataimva, ndipo tsiku limenelo sananene nthabwala ya bokosi. Anangomugwira Sixten pamkono n'kubwerera m'kati.

Sixten anatsegula chitseko cha kutsogolo, namukhazika Majvor, nawerama kuchokera panja n'kumumanga lamba. Kheche. Anakoka kawiri. Nkhope zawo zinayandikana kwambiri moti anamva fungo la sopo wa m'tsitsi lake. Anadikira pang'ono ali chiweramire.

"Zikomo abambo," anatero Majvor.

Anatseka chitseko bwinobwino, nazungulira, nakalowa kumbuyo. Zaka makumi anayi ali ndi galimoto imeneyi anali asanakhalepo pampando umenewo. Denga linaoneka lalifupi. Pa nsana wa mpando wa kutsogolo panali kachizindikiro kamene Annelie anakanda ndi foloko ali ndi zaka khumi. Anaona kumbuyo kwa mutu wa Majvor, tsitsi loyera lothothoka pakati, ndi dzanja la Annelie pa giya, pamalo pa dzanja lake. Anangokhala, kadengu kali pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Sixten Hallgren anaiwala lamba.

Annelie anamanga wake, naponda kilatchi, nagwira kiyi. Dzanja la Majvor linatera pa dzanja lake.

"Dikirani, mayi. Wakumbuyo sanalire."

"Mama?"

"Awiri alira, wachitatu ayi. Sitinyamuka lamba asanalire." Anatembenuka movutikira, nayang'ana Sixten pakati pa mipando, ndi nkhope ya munthu amene akuchita manyazi kudzudzula mlendo koma alibe kuchitira mwina. "Pepani abambo, mangani lamba. Galimotoyi ndi ya mwamuna wanga. Akanakhala pano bwenzi mutatsika."

Annelie anayang'ana kuwindo, mapewa akugwedezeka. Sixten anaika kadengu pambali. Anakoka lamba, ndipo chitsulo chinaphonya kabowo kawiri chisanalowe. Kheche.

Majvor anamvetsera, nagwedeza mutu. Kenako analowetsa dzanja pakati pa mipando, nafufuza mpaka atagwira lambayo pachifuwa pa Sixten, nakoka kamodzi, nakokanso.

"Amatero iyeyo," anatero. "Ndi wovuta, koma ndi munthu wabwino. Anthu amamuseka. Mukanamudziwa mukanamukonda."

"Ndinamvako za iye," anatero Sixten.

"Sindikudziwa wachedwa kuti lero." Majvor anabweza dzanja pa kachikwama, nayang'ana kutsogolo kumene mvula inkatsetsereka pagalasi. "Tiyeni, mayi. Koma muziyenda pang'onopang'ono, mwina timupeza panjira."